Kamluzu ka a Andireya

Kwathu kuno, kumtunda kwa Kasakula, munthu akakweza chala m'mwamba, ngakhale akungoloza khwangwala, anthu amayamba atonthola kaye, kenako n'kuphulika kuseka. Anatizoloweza zimenezi ndi malemu a Andireya Mbewe, bambo amene anatha zaka zisanu ndi chimodzi akumenyana ndi phokoso la dziko lonse lapansi kuti ajambule gitala yawo pa foni popanda chosokoneza. Anatontholetsapo atambala, mbuzi, chigayo, amayi a kwaya ndi anyamata a kabaza. Tsiku lina anatuluka panja n'kukwezera chala mvula. Ena amalumbira kuti inakata.

Kuimba ankatha, pamenepo palibe wotsutsa. Zala zawo zinali zokhakhala ngati makungwa, chifukwa moyo wawo wonse anagwira ntchito yosankha fodya m'mashedi a ku esiteti, koma zikafika pa mawaya a gitala zinkayenda ngati madzi. Sankaimba ndi pakamwa. Ankangoweramira gitalayo, mutu pafupi ndi mawaya, ngati akuiuza chinsinsi.

Mavuto anabwera ndi mwana wawo Talandira, amene amagwira ntchito ku Lilongwe. Iyeyo anawatumizira foni kuti azimva za umoyo wa makolo. Sabata isanathe, a Andireya anapezamo kabatani kofiira kojambulira mawu. Kuchokera pamenepo Talandira akaimba foni ankangomva kuti, "Iwe, wandidulira nyimbo!" basi foni n'kuduka.

Nyimbo yoyamba ataijambula, anaika tizingwe ta m'makutu n'kumvetsera. Nkhope inagwa.

"Mayi a Talandira, tabwerani kuno. Ichi n'chiyani? Ndi gitala iyi, kapena munthu akumenya chidebe m'bafa?"

A Modesta, akazi awo, anapukuta manja n'kumvetsera. "Ikumveka bwino, bambo."

"Inu chilichonse chimakumvekerani bwino. Fufutani."

A Modesta anali munthu wamanyazi kwabasi, woti wina akawaponda phazi pamsika, opepesa ankakhala iwo. Pa zaka makumi atatu ndi zinayi za ukwati sanawatsutsepo amuna awo pamaso. Ndiye anapatsidwa ntchito ziwiri: kudina kabatani kofiira, ndi kufufuta.

Pang'ono ndi pang'ono a Andireya anatulukira malamulo awoawo. Foni ukailozetsa pa chibowo cha gitala, mawu amatuluka ngati ng'oma ya maliro. Iyenera kuloza pamene khosi la gitala likumana ndi thupi lake, ndipo italikire ndithu. Mtunda wake anauyeza pa kabango kamene ankayenda nako m'thumba la jekete ngati adokotala. Foni ukaigoneka patebulo imatola kugunda kwa phazi, choncho imafuna choimikira chofewa. Anayesa mtolo wa nsanza, anayesa mbale ya mchenga, mpaka anapeza kuti palibe choposa nsapato ya kumanzere ya a Modesta, ya kutchalitchi. Kwa miyezi itatu a Modesta ankapita ku Misa atavala masilipasi. Makoma a njerwa amabweza mawu, ndiye mabulangete onse a m'nyumba anakhomeredwa kukhoma, m'mwezi wa June, kuzizira kwa ku Ntchisi kuno mukukudziwa. Foniyo inavekedwanso sokosi kuopa mphepo. Inali foni yokhayo m'dera lonse yovala bwino kuposa eni ake.

Ndipotu zinkasintha. Gitala inayamba kumveka ngati gitala. Koma nyimbo iliyonse inkapezeka ndi chilema: apa galu wauwa, apa malata alira ndi dzuwa, apa mwana wa eni wagwetsa chidebe ku mjigo. Fufutani. Fufutani. M'foni munali mbee ngati m'nkhokwe ya mu January.

M'chaka chachitatu munalowa mdani weniweni. Kanali kamluzu kakang'ono, kopyapyala, kobwera n'kupita: fyuu, fyuu. Nyimbo iliyonse kanalimo.

Oyamba kuimbidwa mlandu anali anapiye a mayi Susana, oyandikana nawo nyumba.

"A Susana, anapiye anu alowanso m'nyimbo yanga."

"Ndiye muwalembe maina pa chimbalecho, nawonso atchuke."

"Avindikireni dengu."

"Ndinawavindikira dzulo tsiku lonse, mpaka mphamba anatera pakhomo kudzafunsa ngati ndasiya kuweta."

Anapiye anavindikiridwa. Kamluzu kanalipobe. Anapiye anakula n'kukhala nkhuku, zina zinadyedwa pa Khirisimasi. Kamluzu kanalipobe.

A Modesta ndi amene anakapeza, osakafuna n'komwe. Tsiku limenelo ankachokera kudimba, a Andireya akukankha njinga yonyamula mpiru pa chitunda. Atafika pamwamba anawerama kuti amange bwino lamba wa katundu. Panalibe gitala, panalibe foni, panalibe mwanapiye ngakhale mmodzi. Fyuu, fyuu. Kankachokera m'chifuwa mwa a Andireya.

A Modesta mawu amenewo ankawadziwa. Bambo awo owabereka anagwiranso ntchito m'fumbi la fodya lomwelo, ndipo zinayamba chimodzimodzi, kamluzu ka masewera, mpaka anafika pomagona chokhala chifukwa chogonera chagada mpweya unkakana. Anadziwa kuti amuna awo afunika kupita kuchipatala, ndipo mwamsanga. Chotsala chinali kuwauza.

Anayesa madzulo omwewo, akusenda mtedza pakhonde.

"Bambo a Talandira, chifuwa chanucho..."

"Chatani chifuwa changa?"

"Ndimati mwina tikanapita kukaonetsa..."

"Kuchipatala? Inu munapitako kuchipatala? Phokoso lake! Ana kulira, mabedi kukwekwesa. Kungakhale kujambula kumeneko?" Chala chinakwera m'mwamba. "Tamvani. Nyenje izo. Ndadziwa tsopano, ndi nyenje."

A Modesta anapitiriza kusenda mtedza.

Kuyambira pamenepo a Andireya sanakhalenso pansi. Ankadzuka ndi malo atsopano m'mutu, gitala kumsana, a Modesta pambuyo atanyamula nsapato ya kumanzere. Anayesa m'kalasi ya pulayimale nthawi ya holide, mawu anamveka ngati m'chitsime. Anayesa pansi pa mlatho, achule anakana kugwirizana nawo. Anakwera phiri mpaka pamwala waukulu uja, n'kupeza kuti kumeneko ndiye kwawo kwa mphepo. Pokwerapo anaima kasanu ndi kawiri, amvekere akuona kukongola kwa dziko, dziko limene anabadwiramo.

M'nyengo yothyola fodya anapempha chigafa cha a Godwin, eni chigayo, chimene chinali chodzaza ndi masamba olendewera pa mikangala. Anakhala pakati penipeni, fodya kumutu, fodya kumbali. Kunena zoona, gitala sinamvekepo bwino ngati tsiku limenelo. Masamba aja ankameza mawu onse obwerera, n'kusiya gitala yokhayokha, yofewa ngati mafuta. Koma fungo la fodya litalowa m'chifuwa, kamluzu kanasanduka mluzu wa referi. Anatuluka akutsokomola, maso ali psuu.

"Muli mbewa m'chigafamu, a Godwin. Mbewa zoimba."

"Zoona, achimwene," anatero a Godwin, akuyang'ana pansi. "Tiika msampha."

Kenako inafika nkhani ya nkhokwe, imene ana a sukulu amaisimba mpaka lero. A Andireya anaganiza kuti nkhokwe yopanda chimanga ndiyo nyumba yabwino yojambulira, popeza ndi yozungulira ndipo ilibe ngodya yobweza mawu. Anakwera pa makwerero, n'kulowa ndi gitala. A Modesta anaima pa mtondo wogadabuza, dzanja atalowetsa m'kati kuti adine kabatani. Odutsa ankangoona nkhokwe ikuimba, khosi la gitala litasuzumira pansi pa denga. Amayi ena achilendo ochokera ku Chisepo anataya mtolo wa nkhuni n'kuthawa akuitana Mariya Woyera. Pomaliza, kutuluka kunakanika. Panafunika amuna anayi kudzanyamula denga.

"Mwapeza chiyani m'menemo, achimwene?" anafunsa a Godwin.

"Anankafumbwe," anayankha a Andireya, akupuma mofulumira. "Amalira. Anthu sadziwa, koma amalira."

Atalephera konseko, anaganiza zotontholetsa mudzi wonse nthawi imodzi. Anayenda khomo ndi khomo kwa milungu iwiri, mpaka anthu anavomera, ena chifukwa chowakonda, ena kuti angopuma. Anagwirizana Loweruka, dzuwa lili paliwombo, mphindi khumi zokha.

Loweruka limenelo simunalione. A Godwin anazimitsa chigayo, amayi a pamzere atakhalira matumba awo a chimanga. Mbuzi zinatengedwa kupita kutsidya. A Susana anakhala pa chitsa atapanira tambala wawo m'khwapa, mlomo ataugwira ndi zala ziwiri. Anyamata a kabaza anazimitsa njinga zawo kumsewu n'kumazikankha ngati anamfedwa. Makanda onse anapatsidwa bere, ofuna ndi osafuna omwe. Mudzi unangoti zii.

A Andireya anakhala pansi pa mtengo wa mango, anayeza ndi kabango, n'kugwedezera mutu a Modesta. Anaimba nyimbo yawo yakale, ija ankaimba pa maukwati adakali mnyamata. Inali yokoma mpaka amayi ena anapukuta m'maso ndi chitenje. Koma m'bata limenelo, munthu aliyense amene anali pamenepo anamva kamluzu kaja, ndipo aliyense anaona kumene kankachokera. Mapewa a a Andireya akakwera, fyuu. Akatsika, fyuu.

Atamaliza anaika tizingwe m'makutu. Anthu anadikira, osayang'anana.

"Pali wina amaimba likhweru," anatero, akuyendetsa maso pa gulu lonse. "Ndani?"

Panali chete wina, woposa woyamba uja. Kwathu kuno munthu wamkulu sumuuza pagulu kuti akudwala. Umamuuza kuti akuoneka bwino, ngakhale akuoneka ngati chikuni. A Modesta anatsegula pakamwa, koma asanatulutse mawu a Godwin anakweza dzanja.

"Ndine, achimwene. Pepani. Mano akutsogolowa chichokereni, mpweya umangodzidutsira."

"A Godwin! Munthu wamkulu ngati inu!"

"Ndalakwa, achimwene."

"Fufutani," anatero a Andireya, ndipo a Modesta anafufuta.

Chiyambire tsiku limenelo, mudzi unayamba kulandirizana mlanduwo ngati ntchito ya chitukuko. Lero akatekisiti avomera kuti ndi zenera la tchalitchi losweka. Mawa aphunzitsi akuti ndi valavu ya njinga yawo. Aliyense ankaona ngati akuchita ulemu. Miyezi inkapita, jekete la a Andireya linkakulirakulira.

A Susana ndi amene anatopa. Anawapeza a Modesta ku mjigo m'mawa, n'kuwakokera pambali.

"Anzanga, muwauza liti? Ife zonamizira zatithera. Dzulo ndinanamizira ketulo. Ketuloyo ndilibe."

"Ndikuyesa, a Susana."

"Mukuyesa chaka chachitatu chino. Ine ndingawauze, koma akamva kwa ine ati ndikubwezera za anapiye. Ndi amuna anu. Mukufuna mudzawauze ali m'bokosi?"

A Modesta anasenza ndowa yosadzaza n'kubwerera. M'njira monse ankayeseza mawu. Atafika pakhomo anapeza amuna awo atavala kale jekete, gitala ili m'thumba la feteleza.

"Konzekani. Tikupita ku Dzaleka. Vuto ndi foniyi. Akuti kumeneko kuli Mkongo wina ali ndi makina enieni."

Ulendo wake unali wa njinga yamoto, minibasi, ndi minibasi ina. Anafika masana, fumbi mpaka m'nsidze. Mkongoyo, a Kabongo, anali ndi kachipinda kuseri kwa shopu yometera, makoma ake atamatidwa ndi matileyi a mazira ndi matiresi akale. A Andireya anasisita khomalo ngati akusisita ng'ombe ya pa malonda.

"Mwaona, mayi a Talandira? Ife timataya zinthu."

A Kabongo anawakhazika pa mpando, anaimika maikolofoni, n'kuvala mahedifoni aakulu ngati mbale. A Andireya anaimba. Pakati pa nyimbo a Kabongo anakwinya nkhope, anagwira waya uyu, anasintha uyo, kenako anaimitsa.

"Papa, gitala yanu iko bwino sana. Koma ikani pansi kaye. Osaimba. Khalani tu."

A Andireya anakhala, manja pa maondo. Makina anajambula munthu wongokhala. Kenako a Kabongo anatsegula sipika. M'kachipinda monse munamveka fyuu, fyuu, momveka bwino kuposa kale lonse, popeza makinawo analidi enieni.

"Mwamva!" anafuula a Andireya, akumenya ntchafu. "Ngakhale makina a ku Congo ali nako! Ndiye anthu azinena foni yanga?"

A Kabongo sanaseke. Anadikira kuti a Andireya atuluke ndi gitala yawo, n'kulankhula motsitsa kwa a Modesta.

"Mama, ine nakonza mawaya. Ichi si waya. Mupite naye kwa dokotala, musachedwe."

Pobwerera a Andireya analankhula njira yonse za matileyi a mazira, kuti akapempha kwa ogulitsa pa Kasakula, kuti akamata chipinda chonse mpaka kudenga. Anatsika pamsewu dzuwa litapendeka. Kuchokera pamenepo kufika kunyumba pali chitunda chimene kale ankachikwera atanyamula thumba la chimanga. Tsiku limenelo anaima koyamba kuti aone mitambo. Anaima kachiwiri kuti amange chingwe cha nsapato chomangamanga kale. Kachitatu anakhala pamwala, koma pakamwa sipanatseke.

"Ndiye tikamata matileyiwo, pakhomo tiikepo thumba la..."

A Modesta anakweza chala m'mwamba.

A Andireya anachiyang'ana ngati aona mbuzi ikuwerenga nyuzipepala.

"Tatontholani," anatero a Modesta.

Anatonthola. Kutali kunkamveka ng'ombe. Pafupi, pakati pa anthu awiriwo, fyuu, fyuu.

"Mukukamva?"

"Ndikukamva."

"Si anapiye. Si nyenje. Si anankafumbwe, si mano a a Godwin. Ndi chifuwa chanu, bambo a Talandira. Bambo anga chinawatenga n'chomwechi, ndipo ine ndakhala ndikuonerera ngati chitsiru." Chala sanatsitse.

A Andireya anatola kamwala n'kukaponya m'udzu.

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa?"

"Kuyambira tsiku la pansi pa mango. A Godwin aja satha likhweru. Ngakhale galu wawo amachita kumuitana ndi m'manja."

"Ndiye bwanji mwatizunguza mpaka ku Dzaleka?"

"Ndikanavomera, mukanandiyalira mphasa pakhonde n'kumandimwetsa phala. Anthu akanayamba kubwera mmodzimmodzi ndi nkhope za maliro, kudzandiuza kuti ndikuoneka bwino. Bola kuthamangitsa nkhuku, mayi. Munthu wothamangitsa nkhuku sanafe." Anapuma kaye. "Komanso ndimaopa. Tsitsani chalacho, mutopa."

"Mawa tikupita kuchipatala."

"Ndijambuleko kaye imodzi."

"Imodzi. Ndipo sindifufuta."

M'mawa mwake anakhala pakhonde. Sanatume uthenga kwa munthu aliyense, sanayeze ndi kabango. A Modesta anagwira foni m'manja, atagwada pafupi. Nyimbo inayamba, ndipo ili pakati a Modesta anazindikira kuti mphuno yawo yayamba kuchucha, ndipo kuikoka mwakachetechete kunkakanika. Itatha, a Andireya anamvetsera ndi tizingwe tawo mpaka kumapeto, maso atatseka.

"Muli anthu awiri opuma movutika m'nyimbomu."

"Winayo ndi ketulo ya a Susana," anatero a Modesta.

A Andireya anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anavula sokosi ija pa foni, n'kuipereka foniyo m'manja mwa akazi awo.

"Sungani. Tiyeni, tingasiyidwe ndi galimoto."

Kuchipatala anawauza zimene a Modesta ankaopa, kuti anabwera mochedwa. Mankhwala anathandizako, anawonjezera miyezi isanu ndi iwiri. Akuti m'wodi a Andireya anaikamo lamulo loti odwala azitsokomola mosinthana, osati onse pamodzi ngati msonkhano. Anamwalirira kunyumba, nthawi yokumba mtedza, atakhala pa mpando wawo. Pamaliro akwaya anaimba motsitsa kwambiri mpaka akatekisiti anachita kuwauza kuti akweze, palibenso owaletsa.

Tsopano mudzi uli pa ufulu, koma ufulu wake ndi wosakoma. Chigayo chimalira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo a Godwin akuti msana ukuwapweteka, popeza kale ankapumako akabwera munthu kudzawazimitsa. Palibenso amene amadutsa ndi gitala kumsana kukafunsa ngati dzenje la njerwa lili ndi mwini wake. Timalankhula mokweza mmene tingafunire, ndipo tazindikira kuti zambiri zimene timalankhulazo zinalibe ntchito.

Nyimbo ija ilipo, imodzi yokhayo. Kupatula malemuwo, palibe amene anaimvapo, ngakhale a Modesta eni ake. Anthu apempha mpaka atopa. A Modesta amaimangirira foniyo pa ngodya ya chitenje n'kumayenda nayo. Anapita nayo kudimba, n'kubwerera. Anatsalira nayo m'tchalitchi Misa itatha, n'kutuluka. Mwezi wathawu anaonedwa akukwera nayo phiri okhaokha, ndipo potsika anangopereka moni n'kudutsa.

Lamlungu lapitali Talandira anaimba kuchokera ku Lilongwe.

"Amayi, nditumizireni nyimbo ya adadi ija. Anzanga andionetsa mmene mungachitire."

"Ndikutumizira, mwanawe. Ndiyambe ndaimva kaye ine."

"Ndiye muimva liti? Papita chaka, amayi."

A Modesta anaima pakati pa bwalo, foni ili kukhutu, n'kumvetsera mbali zonse. Kumsewu kunkadutsa njinga yamoto. Kuseri ana ankalimbirana mpira.

"Lero ayi," anatero. "Kuli phokoso."